Kayendetsedwe Kosunga Kilatchi m'Galimoto za Liwiro

Mawu oyamba

Anthu akamva kuti kilatchi ya galimoto ya liwiro yapsa, ambiri amafulumira kuweruza kuti mwini wake amaithamangitsa mopitirira muyeso. Kuweruza kotere n'komveka, koma sikugwirizana ndi mmene kilatchi imagwirira ntchito. Galimoto ikhoza kuyenda makilomita 200 pa ola kwa nthawi yaitali kilatchi yake osadyeka ngakhale pang'ono, malinga phazi la woyendetsa likhale kutali ndi chopondera. Galimoto yomweyo ikhoza kupsereza kilatchi ikukwawa ngati nkhono pa mzere wa m'tauni, kapena itaima chilili pa chitunda.

M'chimangirizo chino ndifotokoza zizolowezi za kayendetsedwe zimene zimatalikitsa moyo wa kilatchi m'galimoto za liwiro, zimene m'Chingerezi amazitcha sports cars. Izi ndi galimoto zopepuka, zazifupi msinkhu, kawirikawiri za mipando iwiri, zopangidwira msewu wamba koma zotha kunyamuka ndi kukhota mwachangu. Mfundo yanga ndi imodzi: kilatchi imadyeka pa nthawi imene ikuterereka, ndipo chimene chimaipha ndi kutentha kobwera ndi kutererekako. Chizolowezi chilichonse chabwino chimachepetsa chimodzi mwa zinthu ziwiri, kutalika kwa nthawi yoterereka kapena kusiyana kwa liwiro la zitsulo zimene zikukhuzanazo.

Zitsanzo zambiri ndazitenga pa galimoto ziwiri zosiyana kwambiri. Yoyamba ndi Mazda MX-5 ya ku Japan, imene inaonetsedwa koyamba mumzinda wa Chicago mu 1989, ndipo pofika 2016 zinali zitapangidwa zokwana 1 miliyoni. Yachiwiri ndi Porsche Carrera GT ya ku Germany, imene zinapangidwa 1,270 zokha mumzinda wa Leipzig ntchito yopanga isanaime mu 2006.

Mmene kilatchi imagwirira ntchito

Injini ikayaka iyenera kuzungulira mosalekeza. Ikangoima ndiye kuti yazima. Matayala ayenera kuima ndi kunyamuka kambirimbiri pa ulendo umodzi. Choncho pakati pa injini ndi giyabokosi pamafunika chipangizo chotha kulumikiza ziwirizi ndi kuzilekanitsa, ndipo chimenechi ndicho kilatchi.

Zigawo zake zikuluzikulu zilipo zinayi. Choyamba ndi flywheel, chitsulo cholemera chonga chimbale chimene chimamangidwa ku injini ndipo chimazungulira nayo limodzi. Chachiwiri ndi mbale ya kilatchi, imene imalumikizidwa ku giyabokosi ndipo mbali zake zonse ziwiri zimamatidwa zinthu zokhakhala zofanana ndi za mabuleki. Chachitatu ndi pressure plate, imene imapanikiza mbaleyo ku flywheel ndi sipuling'i yamphamvu. Chachinayi ndi release bearing, kaberingi kamene kamakankha sipuling'i ija woyendetsa akaponda chopondera, kuti mbale imasuke.

Motero kilatchi imakhala m'mikhalidwe itatu. Phazi likachoka pa chopondera, mbale imapanikizika kotheratu ndipo zonse zimazungulira ngati chinthu chimodzi. Phazi likaponda mpaka pansi, mbale imamasuka kotheratu. Pakati pa ziwirizi pali kadanga kakang'ono pamene mbale yagwira koma siinagwiritse: injini ikuzungulira liwiro lake, mbale lakenso, ndipo ziwirizi zikukhuzana. Apa ndi pamene kilatchi imadyekera. Zili ngati mphero ndi mwanamphero. Mwanamphero akangokhala pa mphero, miyalayo siidyana, mukamunyamula, siidyananso. Imadyana pamene munthu akupera.

Kukhuzana kumabala kutentha, monga amadziwira aliyense amene anamvapo za kupeka moto ndi timitengo. Kutenthako kukapitirira, zomata za pa mbale zimapsa n'kusalala, flywheel imachita mawanga, ndipo sipuling'i imafooka. Pa tchuthi china ndinkathandiza pa galaja ya amalume anga, ndipo kumeneko ndinagwira mbale yotere imene inachotsedwa mu pikapu. Pamalo pofunika kukhakhala panali see, kunyezimira ngati galasi, ndipo pa flywheel panali zipsera zobiriwira ngati za chikwanje chimene chakhalitsa pamoto. Mbaleyo inali idakali yonenepa ndithu. Siinathe ndi ukalamba ayi, inangopsa.

Chifukwa chake galimoto za liwiro zimafuna chisamaliro chapadera

Kilatchi ya pikapu ndi ya galimoto ya liwiro zimagwira ntchito mofanana, koma pali zifukwa zinayi zimene zimachititsa kuti kulakwitsa kukhale kowawa kwambiri pa galimoto ya liwiro.

Choyamba ndi mphamvu yopotola ya injini, imene akatswiri amaitcha torque ndipo amaiyeza mu Nm. Injini ya malita 1.6 ya MX-5 yoyamba inkatulutsa pafupifupi 136 Nm. Ya Carrera GT, ya malita 5.7 ndi masilinda 10, inkatulutsa 590 Nm. Mphamvu yonseyi imadutsa pa mbale ya kilatchi, ndipo mbaleyo ikamaterereka gawo lina limasanduka kutentha.

Chachiwiri ndi kupepuka kwa zipangizo. Opanga galimotozi amapeputsa flywheel kuti injini izikwera ndi kutsika liwiro msanga. Komatu chitsulo chochepa chimatenthanso msanga, ndipo injini yotere siichedwa kuzima ponyamuka. Woyendetsa wa mantha amaonjezera moto kuti isazime, ndipo potero amaonjezera kutentha.

Chachitatu ndi mtengo wokonzetsera. Kuti makaniko afike pa kilatchi ayenera kutsitsa giyabokosi. Mu Chevrolet Corvette ya ku America, kuyambira imene inatuluka mu 1997 mpaka ya mu 2019, injini ili kutsogolo, giyabokosi kumbuyo, ndipo pakati pali chipaipi chachitali chozilumikiza. Kusintha kilatchi kumafuna kumasula zambiri mwa zimenezi. Pa galimoto zotere malipiro a makaniko akhoza kufanana ndi mtengo wa zipangizo, mwinanso kuposa.

Chachinayi ndi chiyeso. Galimotozi zimakopa mwini wake kuti aonetse zimene zingachite, makamaka ponyamuka pa maloboti anthu akuona. Zina zili ndi injini zimene mphamvu yake imapezeka pamwamba penipeni. Honda S2000 ya mu 1999 inkazungulira mpaka maulendo 9,000 pa mphindi, ndipo wofuna kuinyamutsa mwaukali amakakamizika kukweza injini kwambiri asanasiye kilatchi. Walira mvula walira matope: wofuna mphamvu alandirenso udindo woisamala.

Chizolowezi choyamba: kunyamuka injini ili pansi

Ponyamuka kuterereka sikungapeweke, pakuti injini ikuzungulira pamene matayala aima. Chimene woyendetsa angasankhe ndi liwiro la injini pa nthawiyo. Liwiro limeneli limayezedwa ndi maulendo amene injini imazungulira pa mphindi, mwachidule rpm, ndipo pali kawotchi kolionetsa kutsogolo kwa chiwongolero.

Apa pali lamulo la sayansi loyenera kulimvetsa. Ngati woyendetsa agwira injini pa rpm imodzi kufikira kilatchi itagwiritsa, kutentha kolowa m'kilatchi kumafanana ndi mphamvu imene galimoto yapeza pofika pa liwiro logwirizana ndi rpm imeneyo. Mphamvu ya chinthu choyenda siikwera mofanana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi, likawirikiza katatu, mphamvu imawirikiza ka 9.

Tiyeni tiyese ndi MX-5 yoyamba. Pa giya yoyamba imayenda pafupifupi makilomita 8 pa ola pa 1,000 rpm iliyonse, ndipo pamodzi ndi woyendetsa imalemera pafupifupi makilogalamu 1,000. Ndikawerengetsa mongoyerekeza, kusiya mphepo ndi kukana kwa msewu, kunyamuka pa 1,500 rpm kumaika m'kilatchi kutentha kosakwana ma kilojoule 6. Kunyamuka pa 4,500 rpm, matayala atagwira msewu, kumaika ma kilojoule 50. Kutentha kumeneku n'kokwanira kukweza kilogalamu imodzi ya chitsulo ndi madigiri pafupifupi 100, ndipo kumabwera m'masekondi awiri kapena atatu, konse kuunjikana pamwamba pa mbale. Kunyamuka kumodzi kodzionetsera kumadya zimene kunyamuka 9 kofatsa kukanadya, ndipo kukabwerezedwa zitsulo zisanazizire, mbale imapsa.

Njira yabwino ndi iyi. Kwezani phazi mpaka mumve kuti kilatchi yayamba kugwira, patsani moto wochepa wongoletsa injini kuzima, ndipo galimoto ikangoyamba kuyenda malizani kusiya chopondera mosadukiza. Moto wambiri ubwere phazi litachokeratu. Galimoto imathamanga ndithu, koma imayamba kuthamanga kilatchi itatseka kale.

Carrera GT imaphunzitsa mfundo imeneyi mopanda chifundo. Kilatchi yake ili ndi mbale ziwiri za ceramic za mamilimita 169 okha m'mimba mwake, ndipo anaichepetsa chonchi kuti injini ikhale pansi kwambiri m'galimoto. Imagwira mwadzidzidzi, moti inatchuka ndi kuzimira ngakhale madalaivala odziwa. Langizo lodziwika la galimotoyi ndi lakuti ponyamuka pamalo athyathyathya munthu asaponde moto n'komwe, angosiya kilatchi pang'onopang'ono, kompyuta ya injini ndiyo iziletsa kuzima. Ngati galimoto ya mphamvu chotere imanyamuka popanda moto, palibe chifukwa chonyamutsira ina pa 3,000 rpm.

Lamulo lomweli likutiuza chifukwa chake si bwino kunyamuka ndi giya yachiwiri. Mu MX-5 ija, pa rpm yofanana, giya yachiwiri imathamanga kuposa yoyamba pafupifupi ka 1.7. Ndiye kuti kilatchi iyenera kuterereka mpaka galimoto ifike liwiro lokwererapo, ndipo kutentha kumatsala pang'ono kuwirikiza katatu.

Chizolowezi chachiwiri: kuima ndi mabuleki pa chitunda

Pali luso limene madalaivala ambiri amanyadira, loimika galimoto pa chitunda osaponda buleki, pongolinganiza kilatchi ndi moto kuti isapite kutsogolo kapena kubwerera m'mbuyo. Lusoli ndi lothandiza kwa kamphindi ponyamuka, koma likasanduka njira yodikirira ndi mdani wamkulu wa kilatchi. Galimoto yaima, kutanthauza kuti mbale siikuzungulira n'komwe, pamene flywheel ikuikhula mosalekeza. Mphamvu yonse ya injini ikusanduka kutentha, popanda ngakhale mita imodzi yoyendedwa.

Ndawerengetsanso ndi galimoto yomwe ija, pa chitunda chokwera mita imodzi pa mamita 10 aliwonse, injini ili pa 1,500 rpm. Kutentha kolowa m'kilatchi kumapitirira makilowati 3, kuposa ketulo yamagetsi yowiritsira madzi a tiyi, imene kawirikawiri imakhala ya makilowati 2. Kudikira chonchi kwa masekondi 30 kumafanana ndi kunyamuka kofatsa pafupifupi ka 18, kapena kunyamuka kwaukali kawiri. Woyendetsa amene sanathamangepo tsiku lonse akhoza kufika kunyumba atazunza kilatchi kuposa mnzake wodzionetsera uja.

Mankhwala ake ndi osavuta. Pa chitunda imani ndi buleki, kokani handibuleki, chotsani giya. Nthawi yonyamuka ikakwana lowetsani giya yoyamba, pezani pogwirira kilatchi, ndipo galimoto ikayamba kukoka tsitsani handibuleki. Galimoto zambiri zatsopano zili ndi chipangizo chogwira mabuleki chokha kwa masekondi ochepa phazi likamachoka pa buleki kupita pa moto, ndipo n'chofunika kuchigwiritsa ntchito.

Pa mzere wa galimoto zoyenda pang'onopang'ono vuto ndi lomwelo. Kusendera mita imodzi nthawi iliyonse wakutsogolo akasuntha kumatanthauza kunyamuka kambirimbiri, kilatchi osatsekapo. Ndi bwino kulola mpata ukule, kenako kuyenda pa giya yoyamba phazi litachokeratu, injini ikukoka yokha popanda moto. Pobwerera m'mbuyo ndi poimika galimoto pamalo opanikiza, kumene kuterereka sikungapeweke, gwiritsani kilatchi pang'ono kuti galimoto isunthe, ipondeninso mpaka pansi, galimoto iyende ndi mphamvu yapezayo. Kugwiritsa modukizadukiza kotere kumapatsa mbale mpata wopuma.

Chizolowezi chachitatu: phazi likhale ndi kwawo

M'galimoto za liwiro, kumanzere kwa chopondera kilatchi kumakhala kamalo kopumitsirapo phazi. Kamalo kameneka sikokongoletsa. Phazi likasanjikidwa pa chopondera galimoto ikuyenda, ngakhale mwini wake akuona ngati sakuponda, kulemera kwake kumakankha release bearing ndipo kumachepetsa kupanikiza kwa sipuling'i. Pa galimoto yofooka mwina mbale ikhoza kugwirabe. Pa injini yamphamvu kuchepa pang'ono kwa kupanikiza kumakwanira kuti mbale iyambe kuterereka pamene moto wapondedwa, ndipo woyendetsa samva kanthu mpaka fungo litamupeza.

Podikira pa maloboti, ambiri amakhala ataponda kilatchi mpaka pansi giya yoyamba ili m'kati. Apa mbale siidyeka kwenikweni, chifukwa yamasuka. Zimene zimavutika ndi release bearing ndi sipuling'i, ndiponso beringi ya m'kati mwa injini imene imaletsa crankshaft kusuntha chakutsogolo. Release bearing ndi kachipangizo kotchipa, koma kakafa giyabokosi iyenera kutsika monga ikadatsikira kilatchi yonse itatha. Choncho ngati kudikira kupitirira masekondi ochepa, ikani pa nyutulo, chotsani phazi.

Posintha giya, pondani mpaka pansi penipeni. Kuponda theka kumasiya mbale ikukhudzabe flywheel, ndipo magiya amalowa mokakamizidwa. Nthawi zina vuto limakhala mpando umene uli kutali, moti mwendo sufika bwino. Mpando ukhale poti chopondera chikafika pansi bondo likhale lopindikabe pang'ono.

Chizolowezi chachinayi: kulinganiza injini ndi giya

Nthawi iliyonse giya ikasintha, pamakhala rpm imodzi yokha yogwirizana ndi liwiro la galimoto pa giya yatsopanoyo. Injini ikakhala pa rpm imeneyo pamene kilatchi ikusiyidwa, mbale ndi flywheel zimakumana zikuzungulira mofanana ndipo palibe kukhuzana. Zikasiyana, kilatchi ndiyo imalipira.

Pokweza giya, injini iyenera kutsika. Chotsani phazi pa moto, pondani kilatchi, sinthani, siyani kilatchi pamene rpm yatsika kufika poyenera, kenako patsani moto. Cholakwika chofala ndi kubwezera moto wonse kilatchi isanatseke. Ena amasintha giya osachotsa phazi pa moto n'komwe pofuna kupulumutsa kachigawo ka sekondi. Ku mpikisano, kumene zipangizo zimasinthidwa pafupipafupi, zimenezi zili ndi phindu. Pa msewu wamba n'kungotaya ndalama.

Potsitsa giya, injini iyenera kukwera. MX-5 ija ikamayenda pa giya yachitatu injini ili pa 3,000 rpm, liwiro lomwelo pa giya yachiwiri limafuna pafupifupi 4,250 rpm. Woyendetsa akangolowetsa giya n'kusiya kilatchi pang'onopang'ono, mbale ndiyo imakoka injini kuti ikwere, ndipo pamene iye amasintha injini inali itatsika kale kuchoka pa 3,000 paja. Akasiya mwadzidzidzi galimoto imagwedezeka, ndipo popeza imayendera matayala akumbuyo, matayalawo akhoza kutaya msewu, makamaka pokhota kapena kukagwa mvula. Apa nkhani yachoka pa ndalama, yafika pa moyo.

Njira yake ndi kugunda moto kamodzi, mwachidule, kilatchi ili yopondedwa, kuti injini ifike pafupi ndi rpm yofunikayo, kenako kusiya kilatchi. Madalaivala a mpikisano amachita zimenezi akupondanso buleki: zala za phazi lamanja zili pa buleki, mbali ya phazi lomwelo kapena chidendene chikugunda moto. Luso limeneli liphunziridwe pamalo opanda anthu ndi galimoto zina, chifukwa wophunzira amasokoneza kapondedwe ka buleki. Kufunika kwa kulinganizaku kumaoneka pa zimene opanga galimoto anachita. Nissan 370Z, imene inatuluka kumapeto kwa 2008, inabwera ndi chipangizo chotchedwa SynchroRev Match chimene chimagunda moto chokha potsitsa giya, ndipo makampani ena anatsatira.

M'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Kutsika phiri lalitali pa giya yaing'ono, kilatchi itatseka, injini ikuthandiza mabuleki, ndi kayendetsedwe kabwino ndipo sikudya kilatchi. Choipa ndi kuchepetsa liwiro pokhuza kilatchi, kutsitsa magiya onse motsatizana pofika pa maloboti popanda kulinganiza injini. Ntchito yoimitsa galimoto ndi ya mabuleki, amene ndi otchipa ndiponso osavuta kusintha.

Pali ngozi inanso ya dzanja lofulumira: kulowetsa giya yachiwiri pamene munthu amafuna yachinayi, galimoto ili pa liwiro lalikulu. Matayala amakakamiza mbale ndi injini kuzungulira kuposa malire ake, ndipo chipangizo choletsa injini kupitirira muyeso sichingathandize, popeza chimangodula mafuta. Mbale ikhoza kusweka, injini n'kuwonongekeratu. Kuthamanga sikufika, ndodo ya giya imafuna dzanja lofatsa.

Chizolowezi chachisanu: giya yoyenera popatsa moto wonse

Galimoto ikakhala pa giya yaikulu, monga yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, injini ili pansi, woyendetsa n'kuponda moto wonse, katundu wa pa kilatchi amakhala wolemera kwa nthawi yaitali chifukwa galimoto imachedwa kuyankha. Izi n'zoona makamaka pa injini za turbo, zimene zimatulutsa mphamvu yopotola yochuluka zili pa rpm yochepa. Kilatchi imene yayamba kufooka imayambira apa kuterereka. Injini yolemedwa chonchi imagundanso mwamphamvu, ndipo kugundako kumatopetsa masipuling'i a m'mbale kapena a mu flywheel ya zigawo ziwiri imene galimoto zambiri za masiku ano zili nayo. Pofuna kupitirira galimoto ina kapena kukwera phiri, tsitsani giya kaye.

Eni galimoto ena amasinthitsa kompyuta ya injini kuti mphamvu ichuluke. Kilatchi imapangidwa moyenerana ndi mphamvu ya ku fakitale ndi kampata kochepa pamwamba pake. Mphamvu ikapitirira kampatako, kayendetsedwe kabwino kokha sikangaipulumutse. Kuika kilatchi yolimba ya ceramic kumathetsa vuto lina n'kubweretsa lina: imapirira kutentha, koma imagwira mwankhanza, imanjenjemera m'tauni, ndipo imadya flywheel msanga.

Galimoto zopanda chopondera chachitatu

Galimoto zambiri za liwiro tsopano zili ndi zopondera ziwiri zokha, ndipo ena amaganiza kuti nkhani ya kilatchi siziwakhudza. Zambiri mwa izo zili nayo ndithu, kungoti imapondedwa ndi makina. Ferrari F355 F1 ya mu 1997 inali ndi kilatchi imodzi yolamulidwa ndi kompyuta. Porsche 911 inalandira giyabokosi ya makilatchi awiri yotchedwa PDK mu 2008, ndipo Corvette imene inatuluka mu 2020 inabwera ndi giyabokosi ya mtundu womwewu yokha.

Kompyuta imalinganiza injini ndi giya bwino kuposa munthu, koma siingathetse kuterereka kwa ponyamuka ndi pokwawa. Woyendetsa akaimika galimoto pa chitunda ndi moto m'malo mwa buleki, kapena akamasendera pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, kapena akabwerera m'mbuyo mokwera mtunda, kilatchi imaterereka monga ya phazi. Kachipangizo konyamutsira galimoto mwaukali, kotchedwa launch control, nakonso sikachotsa kutentha, kamangokulongosola. Kubwereza kunyamuka kotere zitsulo zisanazizire kumafupikitsa moyo wa kilatchi mulimonsemo.

Zizindikiro ndi chisamaliro

Kilatchi imachenjeza isanafe. Chizindikiro chodalirika ndi rpm kukwera pamene liwiro la galimoto silikukwera, makamaka pa giya yaikulu. Zina ndi fungo lonunkha kupsa ngati la mabuleki otentha, kugwira pamwamba penipeni pa chopondera, kunjenjemera ponyamuka, ndi phokoso lomveka chopondera chikapondedwa, limene kawirikawiri limaloza ku release bearing.

Fungo likamveka pambuyo pa kuterereka kumodzi, sikuti zonse zatha. Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. Choyenera ndi kuyenda mofatsa, kilatchi itatseka, kuti zitsulo zizizire, osabwereza chimene chabweretsa fungolo. Koma kuterereka kukayamba kuchitika kawirikawiri, kuchedwa kumakweza mtengo, chifukwa zomata zikatha misomali yogwira mbale imakanda flywheel, ndipo ntchito imene ikanafuna zipangizo zochepa imafuna zambiri.

Pali zinthu zitatu zoyenera kukumbukira pa chisamaliro. Makilatchi ambiri amakankhidwa ndi madzi a mabuleki, amene amayamwa chinyontho pakapita nthawi, motero opanga galimoto ambiri amalangiza kuwasintha pakatha zaka ziwiri. Oyilo wodontha pakati pa injini ndi giyabokosi asanyalanyazidwe, pakuti akafika pa mbale imaterereka ngakhale ili yatsopano. Pomaliza, kilatchi yatsopano imafuna kuzolowerana ndi flywheel, ndipo ambiri opanga makilatchi amalangiza makilomita pafupifupi 800 a kuyenda kofatsa kwa m'tauni munthu asanayambe kupatsa moto wonse.

Mawu omaliza

Zizolowezi zonse ndafotokozazi zimachokera pa mfundo imodzi. Kilatchi ikhale yotseka kotheratu kapena yomasuka kotheratu, ndipo podutsa pakati pa ziwirizi woyendetsa asachedwepo ndiponso asakweze injini. Kunyamuka ndi moto wochepa, kuima ndi mabuleki, kupumitsa phazi pamalo pake, kulinganiza injini ndi giya, ndi kusankha giya yoyenera, zonsezi ndi njira zochepetsera nthawi yoterereka kapena kusiyana kwa liwiro.

Palibe chimodzi mwa izi chimene chimaletsa mwini galimoto kusangalala ndi liwiro pamalo ololedwa. Woyendetsa waluso pa bwalo la mpikisano, amene magiya ake amalowa molingana, akhoza kusunga kilatchi kuposa woyendetsa wofatsa amene amadikira pa chitunda ndi phazi lakumanzere tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake galimoto ziwiri zofanana, zopangidwa chaka chimodzi, zikhoza kusiyana kwambiri: ina kilatchi yake kupitirira makilomita 150,000, ina kutha isanafike kotala la mtunda umenewo. Ambiri mwa ife mwina sitidzagwira chiwongolero cha Carrera GT, koma lamulo lolamulira mbale zake za ceramic ndi lomwe limalamulira mbale ya minibasi ndi ya pikapu. Masekondi ochepa amene phazi limakhala pakati ndiwo amasankha tsiku lotsitsa giyabokosi.